Wotchi ya anganga a ku Keyala: ndani angandithandize kuidziwa?

Nangondo: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya wotchi, mwina alipo odziwa. Anganga anga aamuna, bambo awo a mayi anga, anali msilikali wa Keyala, gulu lija la King's African Rifles (K.A.R.) la nthawi ya atsamunda. Anatisiya ine ndili ku pulayimale. Posachedwapa tawatenga anganga aakazi kumudzi ku Chiradzulu kuti azikhala nafe kuno ku Chilomoni, ndiye polongedza katundu tapeza wotchi m'bokosi lawo lachitsulo, itakulungidwa m'kampango pamodzi ndi mamendulo. Nkhope yake ndi yakuda, manambala ndi oyera koma ena asanduka achikasu. Pa 6 palibe nambala, pali kabwalo kakang'ono ka masekondi. Galasi lakalikakalika, ndipo pomwe panali dzina padadyeka ndi chinyontho, chikuoneka ndi A wakumapeto basi. Pansi pa dzinapo pali kachizindikiro konga phazi la nkhuku. Kumbuyo kwalembedwa W.W.W., kachizindikiro komweko, ndi mizere iwiri ya manambala. Mnyamata wina wogula zinthu zakale waiona ndipo akuti andipatse K80,000 lero lomwe. Zithunzi ndi izi. Ndigulitse?

Jah Ndix: Sisi landirani msanga asanasinthe maganizo kkkk. Wotchi yosayenda, yopanda dzina, 80 sauzande? Komanso W.W.W., anganga anali kale pa intaneti ife tisanabadwe.

Che Limbe: Mayi, musagulitse kaye. Ine ndakhala pakhonde ndikukonza mawotchi kuyambira nthawi ya Kamuzu. Wogula zakale akayamba yekha kutchula ndalama yotere pa chinthu chakufa, n'kuwonjezera kuti "lero lomwe", ndiye kuti waonapo kanthu. Ndikupempheni ziwiri: musaiwayinde, ndipo musaipake Brasso kapena polishi wina aliyense.

Nangondo: Zikomo bambo. Mchimwene wanga anafuna kuiwayinda dzulo koma ndinamuletsa poopa kuthyola. Chovuta n'chiyani ikangoyenda pang'ono?

Che Limbe: Mafuta a m'kati anauma kalekale, anasanduka phula. Tizitsulo tikamazungulira pouma timadyana, ndipo kamtengo ka gudumu lomwe limagunda kaja n'kochepa kuposa singano. Kakathyoka, sipeyala yake simuipeza ku Limbe kuno, ngakhale ku Joni muvutika.

aPhiri a ku Leeds: Achemwali, ndaona zithunzi zanu ndili kuntchito mtima wanga wachita kudumpha. Choyamba, zichotseni muike zina mutabisa manambala atatu akumapeto. Alipo anthu amakopera manambala a mawotchi enieni n'kukadinda pa zabodza.

Tsopano wotchiyo. Ngati ili yeniyeni, ndipo m'maso mwanga ikuoneka choncho, ndi imodzi mwa mawotchi omwe boma la Britain linaitanitsa ku Switzerland chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kuti asilikali ake azivala. Zilembo zitatuzo zikungonena kuti ndi wotchi yapamkono yosalowa madzi. Kachizindikiro mukukanenako ndi chidindo cha katundu wa boma la Britain, ankachiika pa mfuti, mabokosi, makampasi, chilichonse cha asilikali. Makampani omwe anapanga analipo 12: Buren, Cyma, Eterna, Grana, IWC, Jaeger-LeCoultre, Lemania, Longines, Omega, Record, Timor ndi Vertex. Onse anapatsidwa malamulo amodzi: nkhope yakuda, manambala owerengeka bwino, masekondi pa 6, mivi yowala usiku, makina owayinda pamanja a miyala 15. N'chifukwa chake amafanana ngati ana a mimba imodzi. Osonkhanitsa mawotchi amawatchula kuti Dirty Dozen, lembani dzina limenelo pa Google muona anzake a wotchi yanuyo. Onse pamodzi amayerekezedwa kuti anali pafupifupi 145,000.

Jah Ndix: 145,000 ndiye yosowa pati akulu? Ndi zambiri kuposa maminibasi a Blantyre yense.

aPhiri a ku Leeds: Amwene, zadutsa zaka pafupifupi 80, zambiri zinatayika, zina zinaphwanyidwa dala. Komanso makampaniwo sanapange mofanana. Omega ndi Record anapanga pafupifupi 25,000 aliyense, pomwe Grana anapanga zochepetsetsa, ndipo ndiyo anthu amaisaka usiku ndi usana kuti akwanitse zonse 12. Ndiye apa nkhani yagona pa A ameneyo. Mayina othera ndi A alipo asanu: Cyma, Eterna, Grana, Lemania ndi Omega.

Mayi a Chiso: Eee, ndiye ikakhala Grana, a Nangondo musatiiwale.

Nangondo: Ndasintha zithunzi. Koma ndidziwa bwanji dzina litafufutika chonchi?

aPhiri a ku Leeds: Onani kumbuyo. Mzere umodzi wa manambala ndi wa kampani, winawo ndi wa asilikali ndipo umayamba ndi chilembo. Omega ndi Y, Lemania ndi Q, Grana ndi M, Cyma ndi Eterna onse ndi P. Pachithunzi pakuwala sindikuona bwino. Muiike pafupi ndi zenera kuwala kuzibwera cham'mbali, musagwiritse ntchito fulashi.

Wa X-ray: Pepani ndilowererepo musanapitirire, chifukwa ndaona mwana pachithunzi chachiwiri chija ali pafupi ndi tebulo. Utoto wachikasu uli pa manambala ndi pa mivi ya mawotchi a nthawi imeneyo unkasakanizidwa ndi radium, chitsulo chotulutsa cheza chosaoneka chomwe chimawononga thupi. Musanyengedwe poona kuti siukuwalanso usiku. Chomwe chinafa ndi mankhwala owalitsawo, koma radium mwiniwakeyo amatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka lokha. Wotchi ili chitsekere, kuigwira mwa apo ndi apo si nkhani yothawira m'nyumba. Choopsa ndi fumbi lake likalowa m'kamwa kapena m'mphuno. Ku America m'zaka za m'ma 1920 atsikana opaka utotowu m'mafakitale ankasongola burashi ndi milomo, ambiri nsagwada zinawola, ena anamwalira. Ndiye galasi lisachotsedwe m'nyumba, ana asaseweretse, mukaigwira sambani m'manja, ndipo isamagone kuchipinda chogona. Imatulutsanso mpweya wa radon, choncho muisunge pamalo popita mphepo, osati m'kachitini kotseka komwe mudzatsegulire pamphuno.

Nangondo: Mayo ine. Anganga akhala akugona nalo bokosi limeneli kunsi kwa bedi moyo wawo wonse.

Wa X-ray: Musade nkhawa kwambiri achemwali, chofunika n'kusamala kuyambira pano. Galasi ndi losweka kapena longokalika?

Nangondo: Longokalika, mng'alu palibe. Ndipo ndaonanso pazenera paja. Chilembo ndi P.

Mayi a Chiso: Grana yapita.

Jah Ndix: Nyumba ya ku Namiwawa ija yagwa kkkk.

aPhiri a ku Leeds: Musafulumire kulira maliro. P akutisiyira awiri. Cyma anapanga pafupifupi 20,000, koma Eterna amayerekezedwa pa 5,000 okha, ili m'gulu la zosowa. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Cyma ndi yonenepa, mamilimita 37 kapena kuposerapo pang'ono, pomwe Eterna ndi 36. Muyeze m'mimba mwake osawerengera kamutu kowayindira. Rula ya mwana wasukulu ingakunamizeni pa milimita imodzi, pitani kwa amakaniko kapena owotcherera zitsulo akuyezereni ndi veniya. Onaninso kutalika kwa malo omwe panali dzina: zilembo zinayi ndi zisanu n'chimodzi sizitenga malo ofanana.

Mphunzitsi Wopuma: Ine za makina sindilowererapo, koma za Keyala ndinaphunzitsa kwa nthawi yaitali. Mwana wanga Nangondo, kubanja amati wotchiyi anaipeza bwanji anganga ako?

Nangondo: Nkhani yomwe tinakula nayo ndi yakuti anapatsidwa ku Burma ndi mzungu wina, mkulu wa asilikali, atamunyamula pamsana kuwoloka naye mtsinje atavulala. Amalume amaifotokoza pamaliro aliwonse a pabanja.

Mphunzitsi Wopuma: Ku Burma anthu athu anapitadi. Gulu lalikulu la 11th East African Division, momwe munalinso mabataliyoni a Nyasaland, linatsika chigwa cha Kabaw mu 1944 nthawi ya mvula yoopsa, m'matope ndi malungo, mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chaka chimenecho. Ndiye za kuwoloka mtsinje ndi munthu pamsana sizodabwitsa. Koma aPhiri, mawotchiwa anafika liti m'manja mwa asilikali?

aPhiri a ku Leeds: Apo ndi pomwe pali mfundo, aphunzitsi. Anaperekedwa mu 1945, nkhondo ya ku Ulaya ikutha kapena itatha kale. Wotchi ya W.W.W. sikanakhala pamkono pa munthu ku Kabaw mu 1944, inali isanapangidwe. Ambiri mwa mawotchiwa ntchito anaigwira nkhondo yaikulu itapita, m'zaka za m'ma 1950 ndi kutsogolo.

Msuweni wa ku Bangwe: Ndalowetsedwa pagulu pano ndi mnzanga atandiuza kuti nkhani ya kwathu ili pabwalo. Ine ndi mdzukulu wa malemuwo, mwana wa amalume akunenedwawo. Abale, mukufuna kunena kuti anganga athu ankanama? Munthu anakamenya nkhondo, inu muli ku Leeds mukuwerenga pa foni.

aPhiri a ku Leeds: Ayi achimwene, ndikhululukeni ngati zamveka choncho. Sindikutsutsa kuti ananyamula munthu, kapena kuti anapatsidwa mphatso. Ndikungonena chaka chomwe chitsulochi chinatuluka m'fakitale.

Mphunzitsi Wopuma: Mtima pansi, mwana wanga wa ku Bangwe. Nkhani ikamayenda pakamwa kwa mibadwo itatu, maulendo awiri amatha kusanduka umodzi, ndipo palibe wanama. Anthu ambiri sadziwa kuti Keyala inabwereranso kum'mawa nkhondo yaikulu itatha. Ku Malaya kunali nkhondo ya m'nkhalango kuyambira 1948 mpaka 1960, ndipo bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri ya King's African Rifles, zonse za Nyasaland, zinakagwirako ntchito motsatizana pakati pa 1952 ndi 1954. Kwa munthu wa kumudzi, Burma ndi Malaya konseko kunali "kunkhondo", kokwera sitima ya pamadzi. Nangondo, tatiuze za mamendulo aja. Alipo angati, ndipo nsalu zake ndi zamtundu wanji?

Nangondo: Alipo anayi. Awiri ndi ooneka ngati nyenyezi, imodzi yalembedwa THE BURMA STAR. Awiri ndi ozungulira. Imodzi mwa yozungulirayo nsalu yake ndi yapepo m'mbali, pakati yobiriwira, ndipo pamwamba pali kachitsulo kopingasa. Dikirani ndipukute. Palembedwa MALAYA!

Mphunzitsi Wopuma: Basi. Imeneyo ndi General Service Medal. Tsopano uitembenuze uone m'mphepete mwake, mozungulira monse. Nyenyezi za nkhondo yachiwiri zinkaperekedwa zopanda dzina, koma iyi amadindapo nambala ya msilikali, udindo wake, dzina ndi gulu lake.

Nangondo: Zilipo! Dzina lawo, nambala, ndi K.A.R. Moyo wanga wonse sindinadziwe kuti m'mbali mwa mendulo mumalembedwa. Msuweni, waona? Anapita konse kuwiri.

Msuweni wa ku Bangwe: Ndaona. Ndiye kuti anali katswiri kuposa momwe timanenera. Koma za wotchi tikambirana kunyumba, osati pano.

Adimini: Tikumbutsane, dzina ndi nambala ya malemu zisaikidwe pagulu. Ndiponso onse omwe ayamba kulowa ku inibokosi ya a Nangondo ndi mitengo yawo, ndikukuonani.

Nangondo: Alowadi anayi kale. Wina akuti m'kati mwa wotchi zotere mumakhala mekyule wofiira, andipatsa 2 miliyoni ndikamulola kuitsegula yekha kaye.

Che Limbe: Hahaha, omwe aja a masimbi amakala okhala ndi tambala pamwamba! Anazunguza anthu m'midzi kufuna masimbi ndi mapulayimasi akale ati muli mekyule. M'wotchi mulibe mekyule mayi, muli mawilo, sipuling'i ndi timiyala tofiira topanga ku fakitale tomwe mtengo wake ndi wochepa. Akaitsegula yekha, adzachotsa makina enieni n'kukubwezerani chikhokhombe.

Jah Ndix: Koma madala, kunena zoona, wotchi yoteroyo mukanaitsuka bwinobwino, galasi latsopano, nkhope n'kuipenta, lamba wonyezimira, si ndiye ikanadula kwambiri? Galimoto timapenta tisanagulitse.

Che Limbe: Iwe Ndix, apo ndi pomwe anthu amaphera chuma chawo. Ndakhala ndikuziona. Munthu amabwera ndi Omega ya bambo ake atapita nayo kale kwa wina yemwe anaipala ndi sandipepa mpaka makona onse anafafanizika, nkhope n'kuipaka utoto wa njinga. Ikuwala inde, koma wodziwa saiyang'ananso kawiri. Ndipo pa wotchi iyi pali chinthu china. Taonani pachithunzi tizitsulo tomangirapo lamba. Pa wotchi wamba timachoka, tili ndi sipuling'i m'kati. Apa n'towotcherera, sitichoka, kuti msilikali asataye wotchi m'tchire. Anzathu ena akaona choncho amadula ndi sowo kuti lamba wa mumsika alowe. Akatero aipundula. Lamba wake amakhala wansalu wolowetsa pansi, kapena wachikopa wopinda n'kusoka, ngati momwe anachitira malemuwo.

aPhiri a ku Leeds: Che Limbe anena zonse. Kuno ogula amafuna chinthu chomwe sichinaseweretsedwe. Nkhope yodyeka imatsitsa mtengo, zoona, koma yopentedwanso imautsitsa koposa. Ndipo funso lomwe amafunsa kwambiri ndi lakuti kodi ziwalo zonse zinabadwira limodzi? Mawotchi a asilikaliwa ankakonzedwa m'mashopu a asilikali momwe amisiri ankasinthanitsa mivi, nkhope ndi zivundikiro popanda kusamala kuti ichi n'cha iti. Zina anazichotsa radium n'kuika nkhope zatsopano, zina mwa izo zili ndi T m'kabwalo kusonyeza utoto wa tritium. Yanuyi popeza inachoka m'manja mwa asilikali kale n'kukagona ku Chiradzulu, mwayi ulipo woti ili momwe inabadwira.

Musaone ngati nkhani ya ziwalo zosakaniza imapusitsa osauka okha. Mu 2021 ku Geneva, pa okushoni ya Phillips, Omega Speedmaster ya 1957 inagulidwa pamtengo woposa 3 miliyoni ya ndalama za ku Switzerland, ndipo wogula anali kampani ya Omega yomweyo, kugulira nyumba yake yosungiramo zakale. Mu 2023 zinadzaululika kuti wotchiyo inali yolumikiza ziwalo za mawotchi osiyanasiyana. Ngati eniake anagwa m'mbuna, kuli bwanji ife.

Nangondo: Ndabwerako kwa amakaniko a pafupi ndi msika wa Chilomoni. Veniya yati 36. Anandiseka kuti mayi mwabwera ndi wotchi ku galaja.

aPhiri a ku Leeds: Ndiye ikulozera ku Eterna. Koma chigamulo chili m'kati. Makina a Eterna ya asilikali ndi nambala 520, a Cyma ndi 234. Pakufunika munthu woitsegula kumbuyo kokha, osakhudza kutsogolo.

Che Limbe: Bwerani nayo, koma mubwere m'mawa fumbi la mumsewu lisanadzuke, ndipo tikatsegulire m'kati mwa shopu ya mnzanga osati pakhonde. Chivundikiro chake n'chamazinga, chimafuna kiyi wake. Ndimayamba ndayesa ndi kampira kofewa, kukanikiza n'kupotoza. Chikakana ndidontheza mafuta m'mphepete tidikire, sindimenya ndi tchizulo. Inu mudzakhale pomwepo maso ali pa manja anga. Ndikunena izi ngakhale za ine ndemwe: wotchi yotere musamusiyire munthu aliyense kuti mudzatenge mawa.

Wa X-ray: Madala, magolovesi ndi chotseka pamphuno chonde, ndipo musapemerere m'kati ndi pakamwa monga mumachitira muja. Pansi muyale pepala loti mukatha mulikulunge n'kutaya. Amene akufuna kudziwa mphamvu yeniyeni ya utotowo, bungwe loona za zinthu zoterezi m'dziko muno ndi Atomic Energy Regulatory Authority ku Lilongwe, angakulozereni kwa oyeza.

Che Limbe: Mwandigwira pakamwa adokotala, kupemerera ndiye chizolowezi chathu. Ndamva.

Mayi a Chiso: Ife tikudikira ngati zotsatira za mayeso a Fomu 4.

Nangondo: Abale, tatsegula. Kampira kanakana, mafuta aja ndiwo anathandiza, kenako kiyi. Chivundikiro chitangotembenuka panatuluka kafungo ngati ka m'bokosi la makina osokera akale. M'kati ndimayembekeza dzimbiri lokhalokha, koma ayi, mukuwala, kupatula kadontho kofiirira pafupi ndi pomwe kamutu kowayindira kamalowera. Che Limbe anandipatsa kagalasi kawo ka padiso kuti ndione ndekha. Palembedwa ETERNA, ndipo 520 ndaiona ndi maso angawa. Zithunzi ndi izo.

Che Limbe: Ndiwonjezere zomwe ndaona. Kagudumu kogunda kali bwino, ndakagwedeza pang'ono ndi mpweya wa kapampu kakuyenda momasuka, ndiye kuti kamtengo kake sikanathyoke. Mphira wotchinga madzi unauma n'kusweka, madzi analowera pa kamutu paja, ndi omwe anadya dzina kutsogolo. M'kati mwa chivundikiro muli timanambala tolemba ndi singano pawiri, ndi momwe amisiri akale tinkasiyira chizindikiro tikakonza. Ndiye kuti inakonzedwapo kawiri, ndipo anaikonzawo anali aukhondo, zomangira zake sizinatafunidwe ndi sikuludiraiva. Ndatseka momwe inalili. Kuitsuka makina ndingathe, koma kuti nditero ndiyenera kuchotsa mivi ndi nkhope, ndipo ndi utoto umenewu sindikufuna. Pa msinkhu wanga ndimadziwa ntchito yomwe si yanga.

aPhiri a ku Leeds: Madala, ulemu wanu. Amisiri ambiri kuno amakananso kugwira za radium, amatumiza kwa omwe ali ndi zipangizo zake. Achemwali, muli ndi Eterna W.W.W. yeniyeni. Kampaniyi ndi ya ku Grenchen, inayamba mu 1856, ndipo nthambi yake yopanga makina ndi yomwe inadzakhala ETA, yomwe makina ake ali m'mawotchi ambirimbiri a ku Switzerland lero.

Jah Ndix: Zonsezo tamva akulu, koma funso la anthu ndi limodzi. Zingati?

aPhiri a ku Leeds: Sinditchula nambala imodzi chifukwa ndinganamize anthu, mitengo imayenda. Eterna yabwino kuno imagulwa mapaundi masauzande angapo, osati mazana. Iyi nkhope yake yodyekayo itsitsa ndithu. Koma K80,000 ija musaiganizirenso n'komwe. Njira yodziwira ndi iyi: musayang'ane mitengo yomwe anthu akuitanira pa eBay kapena Chrono24, munthu atha kulemba chilichonse. Yang'anani zomwe zinagulidwadi. Nyumba za okushoni monga Bonhams zimasiya zotsatira zake pa intaneti, ndipo mukawatumizira zithunzi amakuuzani mtengo woyerekeza. Fanizirani ndi zomwe nkhope yake ili yowonongeka ngati yanu.

Chinanso, musalekanitse wotchi ndi mamendulo. Wotchi payokha ndi imodzi mwa 5,000. Wotchi pamodzi ndi mendulo ya dzina la msilikali wa Nyasaland, chithunzi chake ndi mapepala ake, imeneyo ndi ina, sindinaionepo ikugulitsidwa. Ndipo kutumiza kunja si kungoponya mu envelopu, makampani onyamula katundu ali ndi malamulo pa zinthu za radium, mufunse kaye.

Mphunzitsi Wopuma: Pamapepala pomwepo ndithandizeko. Ndi nambala ili pa menduloyo, yambira kuno konkuno. Ku Mandala House, nyumba yakale ija ya 1882, m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, ali ndi mabuku ndi zithunzi za Keyala. Ukachoka apo ndi ku Zomba: National Archives, ndiponso a VELOM omwe amasamalira asilikali akale. Ukapita ukaonenso chipilala cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks. Koma usanakwere minibasi, laibulale yaikulu ili m'nyumba mwako momwemo. Khala pansi ndi anganga aakazi, foni ikujambula mawu. Usawafunse kuti "wotchi inachokera kuti", adzakuyankha nkhani yomwe aliyense amaidziwa. Afunse kuti anaiona koyamba liti, anali atakwatiwa kale kapena ayi, mwana woyamba anali atabadwa kapena ayi.

Nangondo: Aphunzitsi, ndachita momwe munanenera, usiku titadya. Poyamba amakana ati zakale zimenezo zatha, koma nditawaika wotchi patebulo anayamba okha. Akuti pomwe ankawafunsira, anganga aamuna anali atabwerako kale ku nkhondo yoyamba ija ndipo pamkono panalibe kanthu. Wotchi anabwera nayo ulendo wachiwiri, amalume ali wakhanda. Akuti ntchito yawo kumeneko inali yonyamula wayilesi pamsana. Usiku inkawala mobiriwira pakhoma pomwe ankaikoleka, mpaka apongozi awo anakana kugona m'nyumbamo ati muli chizimba. Za mzungu wovulala uja akuti n'zoona, koma chomwe anawapatsa iyeyo chinali bulangete ndi ndalama, ndipo ndalamayo ndi yomwe anagulira njinga.

aPhiri a ku Leeds: Wayilesi! Zikugwirizana bwino. Mawotchiwa sankapatsidwa kwa msilikali aliyense, ankapita kwa omwe ntchito yawo imafuna nthawi yolondola, monga a mawayilesi ndi a mizinga.

Jah Ndix: Ndiye kuti madala sanabweze katundu wa boma kkkk. Mfumu Charles akamva atumiza bilu.

Msuweni wa ku Bangwe: Iwe Ndix, samala pakamwa. Nangondo, bambo amva zonse ndipo akuti Loweruka tikumane ku Chilomoni. Akuti iwo ndi mwana wamwamuna yekhayo, wotchi ya bambo awo siingagulitsidwe iwo asanalankhule.

Nangondo: Abwere, tiwalandira. Koma adziwiretu kuti eniake alipo ndipo ali moyo. Anganga anena kuti wotchi isapite kulikonse iwo akadali ndi maso, ndipo kiyi wa bokosi amumangirira pa mpango wawo. Ine ndangowapempha kuti bokosilo lichoke kunsi kwa bedi, tagwirizana kuti likhale m'kabati ya pabalaza pamwamba pomwe ana safika.

Wa X-ray: Kabatiyo ikhale yosatseka kwambiri, ndipo wotchi muiike m'kathumba kakekake, isakhudzane ndi mpango womwe amavala.

Mphunzitsi Wopuma: Loweruka lomwelo ujambulenso mawu a amalume ako. Iwo anakula akuiona pamkono pa bambo awo, angadziwe komwe inkakonzedwa. Timanambala tiwiri ta Che Limbe tija tingakhale ta msiri wa ku Zomba kapena wa ku Limbe konkuno.

Che Limbe: Mukandijambulira bwino timanambalato ndikafunsa mkulu wina yemwe anandiphunzitsa ntchito, akadali moyo ku Mpingwe ngakhale maso anafooka. Amisiri a nthawi imeneyo ankadziwana zolemba.

Mayi a Chiso: Inetu ndafufuza m'nyumba monse, ndapeza Seiko 5 ya bambo a Chiso, yagolide, anagula ku Joni. Che Limbe, ndibwere nayo?

Che Limbe: Bwerani nayo mayi, koma ya minibasi yobwerera mutenge kunyumba.